Kusoka Zigamba za Makona Atatu Mosaphonya Muyeso

Pa Rumphi Boma, monganso m'misika ina ya m'Malawi muno, pansi pa makina a telala sipasowa thumba la zidutswa za nsalu. Ndi zotsala za madiresi, malaya ndi mayunifolomu, tinsalu tosakwanira chovala koma tomvetsa chisoni kutaya. Osoka ena amatilumikiza n'kupanga zikwama, mapilo, nsalu za patebulo ndi zofunda za pabedi. Zigamba zikakhala za makona anayi, ntchitoyi siivuta kwenikweni. Mavuto amayamba munthu akafuna kusoka zigamba za makona atatu: nsonga sizikumana, mizere imakhota, ndipo chofunda chikayalidwa chimachita matumbamatumba. Nkhaniyi ikufotokoza chimene chimachititsa zimenezi, njira zimene osoka anapeza zothana nazo, ndi mfundo zimene akutsutsanabe.

Chigamba chimene tikukamba

Tengani nsalu ya sikweya, mbali zonse zinayi zofanana, muidule kuchokera pa kona ina kufika pa kona yopenyana nayo. Mwapeza mathirayango awiri ofanana. Mukalumikiza thirayango ya nsalu yowala ndi ina ya nsalu yakuda potsata mbali yaitali ija, mumapezanso sikweya, koma tsopano ya mitundu iwiri. Osoka zofunda za zigamba ku America ndi ku Ulaya amaitcha half-square triangle. Muno tiziitcha sikweya yogawika pakati.

Chigamba chimenechi n'chofunika chifukwa mukachitembenuza mosiyanasiyana chimatulutsa maluwa ambirimbiri. Zinayi zoyang'anizana nsonga pakati zimaoneka ngati chopukusa cha mphepo. Zondandalika mumzere zimapanga mano a sowo. Zina zimatulutsa nyenyezi, mafunde kapena mizere yokhotakhota. Koma maluwa onsewa amaoneka bwino pokhapokha sikweya iliyonse ikhale yofanana ndi inzake, ndipo msoko wapakati uthere ndendende pa kona. Tsono funso ndi ili: kodi munthu angasoke bwanji masikweya 100 kapena 300 onse n'kutuluka muyeso umodzi?

Kumene lusoli lachokera

Kulumikiza zigamba ndi luso lakalekale, ndipo silinayambire dziko limodzi. Amayi a ku Sindh, m'dziko la Pakistan, amasoka zofunda zotchedwa ralli zodzaza ndi mathirayango. Ku Senegal, a gulu la Baye Fall amadziwika ndi zovala za zigamba zamitundumitundu. Ku Liberia lusoli linafika ndi anthu akuda obwerera kuchokera ku America, ndipo mmodzi wa iwo, Martha Ann Ricks, anakapereka yekha chofunda chimene anasoka kwa Mfumukazi Victoria mu 1892.

Ku America ndi kumene sikweya yogawika pakati inatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1800. Nthawi imeneyo osoka ankadula thirayango imodziimodzi potsata chikatoni, n'kumasoka pamanja. Makina osokera atafala, kutsatira ntchito ya Elias Howe mu 1846 ndi ya Isaac Singer mu 1851, liwiro la kusoka linakwera koma kudula kunali kochedwabe. Zinthu zinasintha mu 1979 pamene kampani ya ku Japan ya Olfa inatulutsa mpeni wozungulira wodulira nsalu motsatira rula. Kuyambira pamenepo njira zosoka masikweya ambiri nthawi imodzi zinafala mofulumira.

Kuno kwathu singano ndi nsalu ya kusitolo zinayenda limodzi ndi amishoni ndi amalonda. M'boma la Rumphi momwemu ndi mmene muli Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894 n'kutsegula sukulu yophunzitsa ntchito zamanja. Kusoka kunapitirira kudzera m'masukulu, m'magulu a amayi a m'mipingo monga Umanyano, komanso mwa alangizi a ntchito zapakhomo. Masiku ano bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a utelala. Koma utelala kwenikweni ndi wa zovala, ndipo malamulo a chovala ndi osiyana ndi a zigamba. Pa siketi, msoko ukaphonya pang'ono palibe amazindikira. Pa chofunda cha zigamba, kuphonya komweko kumabwerezedwa kambirimbiri mpaka kuonekera patali.

Chifukwa chake nsalu imapotoka

Nsalu yoluka ngati chitenje ili ndi ulusi wa mbali ziwiri. Wina umayenda m'litali, motsatira mphepete yolimba imene nsalu imabwera nayo kuchokera kufakitale. Wina umayenda mopingasa. Gwirani kansalu ndi zala ziwiri uku ndi uku, mukoke motsatira ulusi wa m'litali: sikasuntha. Kokani mopingasa: katamuka pang'ono chabe. Tsopano kokani kuchokera pa kona kupita pa kona inzake: katalika ngati lasitiki, ndipo mukakasiya sikabwerera kwenikweni mwakale. Mbali yopendama imeneyi ndi imene atelala amaitcha bayasi. Imatamuka chifukwa palibe ulusi umene ukuyenda njira imeneyo, ndiye timabokosi ta pakati pa ulusi timangopendekeka.

Apa ndi pamene pali gwero la vuto lonse. Mbali yaitali ya thirayango ili pa bayasi. Ikangodulidwa, chilichonse chimaitalikitsa: dzanja loinyamula, mano a makina amene amakoka nsalu yapansi kuposa yapamwamba, ndi simbi yokhwekhwerezedwa. Bayasi ikatalika, sikweya imapendekeka, ndipo mbali zake sizigwirizananso ndi za inzake. Njira zonse zabwino zimayesa kuchita chinthu chimodzi, ndicho kusoka bayasi isanadulidwe, ulusi wa msoko n'kuimangiratu.

Masamu a msoko

Vuto lachiwiri ndi la muyeso. Osoka zigamba ambiri amasiya 1/4 inchi, pafupifupi mamilimita 6, kuchokera pa msoko kufika kumapeto kwa nsalu. Pali miyeso iwiri yoyenera kuisiyanitsa. Muyeso womaliza ndi umene umaoneka chofunda chikatha. Muyeso wa chigamba chisanalumikizidwe ndi chinzake umaposa womalizawo ndi 1/2 inchi, chifukwa mbali iliyonse idzadyedwa ndi msoko. Choncho sikweya imene idzaoneke ya mainchesi 4 iyenera kukhala ya mainchesi 4 ndi 1/2 pamene ili payokha.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti podula nsalu ya mathirayango angowonjezeranso 1/2 inchi yomweyo, ndipo chigamba chimatuluka chaching'ono. Amaiwala kuti msoko wapakati nawo umadya nsalu. Popeza msokowo ndi wopendama, 1/4 inchi yake ikayezedwa motsatira mbali ya sikweya imakhala 1/4 kuchulukitsa ndi 1.414, zomwe ndi 0.35 inchi. Tikaphatikiza 0.25, 0.25 ndi 0.35 tipeza 0.85 inchi. Pa tepi ya telala inchi imagawidwa patimizere 8, ndipo kamzere koyandikira kwambiri 0.85 ndi ka 7/8. N'chifukwa chake lamulo lodziwika limati pa muyeso womaliza muziwonjezera 7/8 inchi. Sikweya yomaliza ya mainchesi 4 imafuna nsalu yodulidwa mainchesi 4 ndi 7/8.

Lamuloli limagwira ntchito pokhapokha msoko ukhale wa 1/4 inchi. Telala amene anazolowera msoko wa sentimita imodzi achulukitse msoko wakewo ndi 3.4, ndipo apeza kuti ayenera kuwonjezera masentimita 3.4, kapena 3.5 kuti pakhale potsalira. Chofunika ndi kusankha msoko umodzi n'kuusunga kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kuphonya kochepa sikukhala kochepa mpaka kalekale. Chofunda cha mainchesi 60 m'lifupi ndi 80 m'litali chimafuna masikweya 300 a mainchesi 4, mizere 15 ya masikweya 20. Ngati mumzere wina sikweya iliyonse yaperewera ndi 1/16 inchi yokha, mzerewo ufupika ndi inchi imodzi ndi 1/4 poyerekeza ndi unzake. Wosoka akaukoka kuti ufanane, pamenepo ndi pamene pamabadwa matumba aja.

Njira zisanu zodziwika

Njira yoyamba ndi yakale ija, yodula thirayango iliyonse payokha kenaka n'kusoka ziwiriziwiri. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale kachidutswa kakang'ono kamagwira ntchito. Kuipa kwake ndi kwakuti mumasoka bayasi yodulidwa kale, ndipo nsonga zowonda zimakonda kulowa m'bowo la singano n'kukodwa.

Njira yachiwiri imatulutsa masikweya awiri nthawi imodzi. Dulani sikweya yowala ndi yakuda zofanana, muzisanjikize nkhope zitayang'anana. Kumbuyo kwa yowalayo jambulani mzere ndi pensulo yosongoka kuchokera pa kona kufika pa kona. Sokani mizere iwiri, umodzi mbali iyi ndi wina mbali inayo, uliwonse utatalikira 1/4 inchi kuchokera pa mzere wa pensulo. Mukatero dulani potsata pensuloyo. Bayasi yasokedwa isanadulidwe, ndipo mbali zonse zakunja zili motsatira ulusi.

Njira yachitatu imatulutsa anayi. Mumasanjikiza masikweya awiri, kusoka kuzungulira mbali zonse zinayi, kenaka kudula kona ndi kona mopingasana. Kuti mupeze muyeso wodulira, chulukitsani muyeso wa chigamba chisanalumikizidwe ndi 1.414 n'kuwonjezera 1/2 inchi. Ndi njira yachangu ndipo siifuna pensulo. Koma ili ndi chilema chachikulu: msoko wapakati umakhala motsatira ulusi, pamene mbali zonse zinayi zakunja zimagwera pa bayasi. Vuto limene timathawa pa mbali imodzi lasamukira pa mbali zinayi.

Njira yachinayi imatulutsa 8. Tengani muyeso wa njira yachiwiri muuchulukitse kawiri, kotero kuti pa sikweya yomaliza ya mainchesi 4 mudule mainchesi 9 ndi 3/4. Jambulani mizere iwiri ya kona ndi kona, musoke mbali zonse ziwiri za mzere uliwonse. Kenaka dulani pakati choimirira, pakati chopingasa, ndi potsata mizere iwiri ya pensulo. Mbali zakunja zimatuluka motsatira ulusi monga pa njira yachiwiri. Pa chofunda cha masikweya 300 chija, njira yachiwiri imafuna kusanjikiza nsalu ka 150, pamene iyi imafuna ka 38 kokha. Chimene imafuna ndi nsalu zikuluzikulu, ndipo masikweya 8 onsewo amatuluka ofanana mitundu.

Njira yachisanu ndi yosoka pa pepala. Mizere yosoka ndi yodula imakhala itajambulidwa kale pa pepala, lomwe limamangidwa ndi mapini pamwamba pa nsalu ziwiri. Kunja mapepala otere amagulitsidwa osindikiza kale, monga a Thangles, koma munthu angathe kudzijambulira. Pepala limagwira nsalu kuti isatamuke, ndiye muyeso umatuluka wabwino kwambiri, makamaka pa tizigamba tating'ono. Pamafunika kufupikitsa masitichi kuti pepala lizing'ambika mosavuta, ndipo kulichotsa kumadya nthawi.

Zimene osoka onse amavomereza

Pali mfundo zimene sizikanidwa. Sikweya yoyamba iyenera kukhala sikweya yeniyeni, yodulidwa motsatira ulusi. Mungaiyese poyeza kona ndi kona mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso iwiriyo iyenera kufanana. Choko cha telala chimajambula mzere wonenepa kwambiri, choncho pensulo ndiyo yoyenera. Masitichi akhale aafupi, pafupifupi mamilimita 2, chifukwa msoko udzadulidwa popanda kubwerera m'mbuyo. Nsalu isakokedwe kutsogolo kapena kumbuyo kwa singano, makina aziyendetsa okha.

Onse amavomerezanso kuti simbi iyenera kutsitsidwa ndi kunyamulidwa, osati kukhwekhwerezedwa monga timachitira posita malaya. Yambani mwatsindika msoko chigamba chili chotseka, kenaka mutsegule ndi chala, ndipo pomaliza mutsindike ndi simbi. Tinsonga tiwiri totuluka m'makona tidulidwe kuti tisapange mfundo polumikiza. Ndiponso, musanadule nsalu yonse, sokani chigamba chimodzi choyesera n'kuchiyeza.

Zimene akutsutsanabe

Mkangano woyamba ndi wa kudula. Ena amati dulani ndendende ndi lamulo la 7/8, chifukwa simutaya nsalu ndipo dzanja limaphunzira kusoka molondola. Ena amati onjezerani inchi yathunthu, musoke, musite, kenaka mudulire chigamba chilichonse kuti chifike pa muyeso wake. Masamu akusonyeza kuti kudula mainchesi 5 m'malo mwa 4 ndi 7/8 kumadya nsalu yowonjezera pafupifupi 5 pa 100 iliyonse. Nsalu yotayika ndi yochepa, koma kudulira masikweya 300 ndi ntchito ya maola. Chimene chili chodziwika n'chakuti njira yoduliriza imakhululukira zophonya zazing'ono, pamene ya 7/8 siikhululuka.

Mkangano wachiwiri ndi wa kumene msoko ugonere. Ambiri amagonetsa mbali zonse ziwiri za msoko ku nsalu yakuda, kuti zisaonekere pansi pa yowala, ndiponso kuti polumikiza mizere misoko yogonera mosiyana izilowana n'kugwirana. Ena amatsegula msoko pakati chifukwa chigamba chimagona bwino, makamaka pamene nsonga 8 zikumana malo amodzi. Otsutsa kutsegula amati ulusi wa msoko umakhala pamtunda ndipo umatha msanga. Nkhawa imeneyi inali yomveka kwambiri pa misoko yapamanja. Pa makina a masitichi aafupi, njira zonse ziwiri zimalimba.

Mkangano wachitatu ndi wa kuchapa nsalu isanadulidwe. Okana kuchapa amati nsalu yatsopano ndi yokhuthala ndi mankhwala a kufakitale, choncho imadulika bwino. Ovomereza amati nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo ina imasuluka n'kudetsa inzake. Pali kusiyananso maganizo pa nthunzi ya simbi posita: ena amati imagonetsa msoko, ena amati bayasi yonyowa imatamuka msanga. Ambiri amagwirizana kuti sitachi wothiridwa nsalu isanadulidwe amathandiza.

Mkangano womaliza ndi waukulu kuposa yonseyi: kodi kulondola n'kofunikadi? Amayi a ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha osatsata rula, mizere ili yokhotakhota. Mu 2002 ntchito zawo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo zinatamandidwa kwambiri. Izi zikutiphunzitsa kuti kukongola sikudalira rula yokha. Komabe pali kusiyana pakati pa mzere umene wosoka waukhotetsa mwadala ndi nsonga imene yadulika chifukwa muyeso unaphonyeka. Amene wasankha duwa la nyenyezi walonjeza nsonga, ndipo wogula adzazifuna.

Tanthauzo lake kwa wosoka wa pa Rumphi

Njira zambiri zimene zimaphunzitsidwa pa intaneti zimaganizira munthu amene ali ndi mpeni wozungulira, rula ya pulasitiki yoonekera mkati ndi simbi yamagetsi. Telala wa pakhonde ali ndi makina opalasa ndi mapazi a Singer kapena Butterfly, sizasi, tepi ndi simbi ya makala. Zida zimenezi n'zokwanira, malinga zikonzedwe bwino.

Muyeso wa msoko ungakhazikitsidwe poyeza 1/4 inchi kuchokera pa singano n'kumata selotepi pa chitsulo cha makina, chifukwa phazi lopondera nsalu limasiyana kukula pa makina osiyanasiyana. Chodulirapo chingapangidwe ndi katoni yolimba: dulani sikweya ya muyeso wa chigamba chisanalumikizidwe, mujambulepo mzere wa kona ndi kona. Poduliriza, mzerewo ugone ndendende pa msoko, mujambule kuzungulira ndi pensulo, kenaka mudule ndi sizasi. Mukaiwala kulunjikitsa mzere pa msoko, chigamba chidzakhala cha muyeso wabwino koma nsonga zidzaphonya kona. Katoni imadyeka m'mbali, choncho iziyezedwa kawirikawiri n'kusinthidwa. Sitachi angapangidwe pakhomo pophika ufa wa chinangwa pang'ono m'madzi. Posita ndi simbi ya makala, yalani kansalu koyera pamwamba kuti phulusa lisadetse zigamba zowala.

Nsalu nayo ili ndi nkhani yake. Thumba la telala limasakaniza zitenje zochokera ku Tanzania, za ku Blantyre ndi za maiko ena, kuphatikizapo nsalu za kaunjika. Zina ndi za thonje, zina ndi za poliyesita. Mukawotcha kaulusi, thonje limasanduka phulusa lofewa, pamene poliyesita imasungunuka n'kupanga kambulu kolimba. Nsalu ziwiri zosiyana chonchi zimatamuka ndi kufupika mosiyana, ndiye si bwino kuzilumikiza m'chigamba chimodzi. Pa chifukwa chomwechi, mkangano wa kuchapa uli ndi yankho lomveka kwa wosoka zotsala: chapani zonse kaye, zofiira ndi zabuluu pazokha, kuti yosuluka idziwike isanawononge ntchito. Kumbukiraninso kuti maluwa a chitenje ndi aakulu, ndipo akadulidwa ang'onoang'ono amasokonekera. Thirayango imaoneka bwino chitenje chikaphatikizidwa ndi nsalu yopanda maluwa, kapena chowala kwambiri chikakumana ndi chakuda kwambiri.

Msika wa ntchito yotere ulipo. Alendo opita ku Nyika ndi ku Vwaza Marsh amadutsa pa Boma, ndipo kuzizira kwa June ndi July kumapiri a Nyika, Phoka ndi Livingstonia kumachititsa chofunda chokhuthala kukhala chinthu chofunika pakhomo. Wogula asanafunse mtengo amayala nsaluyo n'kuyang'ana pamene nsonga zakumana. Nsalu, ulusi ndi nthawi zimene zimalowa m'chofunda chopotoka ndi zomwezo zimene zimalowa m'chowongoka, koma mitengo yake siifanana.

Njira yoyenera kuyamba nayo

Tikaika zonsezi pamodzi, wosoka amene akudula ndi sizasi ayambe ndi njira yotulutsa masikweya awiri, awonjezere inchi yathunthu pa muyeso womaliza, ndipo adulirize chigamba chilichonse ndi katoni yake. Akakhala ndi nsalu zikuluzikulu za mitundu iwiri, asamukire ku njira ya 8. Njira ya anayi aisiye mpaka dzanja litazolowera bayasi, ndipo pepala alisungire tizigamba tating'ono. Aphunzitsi a utelala ndi atsogoleri a magulu a amayi osoka angathandize kwambiri ngati, asanapatse wophunzira duwa lililonse, atamuphunzitsa zinthu ziwiri: kuzindikira kumene ulusi wa nsalu ukulowera, ndi kusunga msoko umodzi wosasinthasintha. Wophunzira amene wagwira ziwirizi adzasoka nsonga zokumana pa makina alionse.